Kodi Yunifomuyi Inapitadi ku Nkhondo? Mmene Mungayesere Zovala ndi Mabaji Akale a Asilikali Musanagule

Pa msika wa zinthu zakale za asilikali, chovala chosokedwa dzulodzuloli n'kuchidetsa kuti chioneke chakale sindicho chimagwetsa anthu ambiri. Chimenecho diso lozolowera limachigwira msanga. Chimene chimadya ndalama za anthu ndi jekete lenileni la 1943, la msilikali wamba, limene wina analisokerera mabaji a gulu lotchuka la asilikali odumpha ndi parachuti n'kuligulitsa pamtengo wokwera kangapo. Nsalu ndi yoona, mabatani ndi oona, mwinanso baji ndi yoona, koma zinthuzo sizinakhalepo pamodzi pathupi la msilikali aliyense. Wochita zimenezi waba ndalama zanu, ndipo wawononganso umboni wa moyo wa munthu amene anavaladi chovalacho.

N'chifukwa chake ntchito yonse imene ndikufotokoza pano ikuzungulira pa funso limodzi: kodi zonse za pa chovalachi zikunena chaka chimodzi ndi nkhani imodzi? Nsalu, ulusi, chidindo, zipi, baji, ngakhale mmene chinathera, zonse ziyenera kugwirizana. Chimodzi chikatsutsa zinzake, imani kaye.

1. Dziwani kaye mmene chenicheni chimaonekera

Simungazindikire chabodza ngati choona simukuchidziwa. Choncho musanatulutse ndalama, sankhani gawo laling'ono, dziko limodzi ndi nkhondo imodzi, ndipo mulidziwe bwino. Amene amagula chilichonse cha dziko lililonse ndiye amene akathyali amamukonda.

Zovala za asilikali zinkasokedwa motsatira ndondomeko ya boma, ndipo ndondomekoyo inkasintha m'zaka zodziwika. Titenge chovala cha asilikali a Britain chotchedwa Battledress. Cha mtundu woyamba, wa 1937, chili ndi mabatani akutsogolo obisika pansi pa nsalu ndipo matumba a pachifuwa ali ndi mapinda. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itakula, nsalu ndi nthawi zinayamba kuchepa, ndiye anatulutsa mtundu wotchedwa wa 1940, wa mabatani oonekera poyera ndi matumba opanda mapinda. Mtundu wa 1949 uli ndi kolala yotseguka kuti munthu avale tayi. Ndiye wina akakuonetsani jekete la kolala yosokedwa motseguka chonchi kuchokera kufakitale n'kunena kuti linali pa nkhondo ya ku Normandy, ku France, mu 1944, nkhani yathera pomwepo. Simufunika tochi kapena galasi.

Pitani kumalo osungira zinthu zakale, onani zithunzi zojambulidwa nthawi ya nkhondoyo, ndipo mukapeza mpata gwirani zenizeni m'manja. Kulemera kwa nsalu yaubweya yakale sikuphunziridwa pa chithunzi.

2. Konzani zida

Ndi zochepa: galasi lokuzira zinthu kakhumi, tochi ya UV (ya kuwala kwapadera kotchedwa ultraviolet), maginito kakang'ono, sikelo yoyeza magalamu, ndi chipangizo choyezera kukula kwa zinthu m'mamilimita. Onjezani tochi wamba yowala kwambiri. Kuunika nsalu chammbali, kuwala kukudutsa pamwamba pake, kumaonetsa mabowo a singano amene simungawaone mukaunika molunjika.

3. Tembenuzani chovalacho, muyambire m'kati

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopanga zabodza amalimbikira kunja kumene wogula amayang'ana, m'kati amachita mothamanga. Choncho tembenuzani manja a jekete, tulutsani matumba, yang'anani misoko.

Yambani ndi nsalu. Zovala za Nkhondo Yoyamba ndi Yachiwiri ya Dziko Lonse zinali za ubweya, thonje, bafuta ndi rayon (ulusi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mitengo). Polyester anatulukiridwa ku Britain mu 1941, koma anayamba kupezeka m'zovala ndi mu ulusi wosokera m'ma 1950. Nayiloni analipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, koma ankapita ku maparachuti ndi zingwe, osati kosokera mabaji. Ndiye ulusi wa polyester pa baji ya 1942 ndi umboni woti bajiyo inasokedwa pambuyo pa nkhondo.

Mungaudziwe bwanji ulusi? Ngati mwini katundu walola, ndipo pali kaulusi kolendewera kale m'kati, dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira, kayatseni kutali ndi chovalacho. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umasiya kampira kakuda kamene kamafumbutuka mukakafinya. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, ndipo rayon amapsa chimodzimodzi. Polyester amasungunuka n'kuuma kukhala kamkanda kolimba kosafumbutuka. Musasolole ulusi pa msoko wabwinobwino kuti muyese. Kuwononga chinthu chimene chapulumuka zaka 80 pofuna kudzitsimikizira si nzeru.

Kenako zimitsani magetsi, muunike ndi tochi ya UV. Kuyambira m'ma 1950, opanga nsalu, ulusi, mapepala ndi sopo wochapira anayamba kuthiramo kwambiri mankhwala oyeretsa amene amawala mobiriwira ngati thambo akaunikidwa ndi UV. Nsalu yoyera yakale imaoneka yozimiririka, yatsopano imawala kwambiri. Koma samalani apa, pakuti anthu ambiri amaikhulupirira tochi imeneyi mopitirira. Jekete lenileni limene mdzukulu wa mwini wake analichapa ndi sopo wamakono liwala ndithu, kawirikawiri mwamawangamawanga, pena kwambiri pena pang'ono. Ndipo wachinyengo wochenjera amagula ulusi wakale wosawala. Choncho kuwala kukuchenjezeni, koma kusawala kusakutsimikizireni kanthu. Chimene tochiyi imachita bwino kwambiri ndi kuonetsa kusiyana: jekete lonse lazimiririka, ulusi wozungulira baji imodzi yokha ukuwala. Pamenepo mwagwira.

Musadabwe kupeza nsalu yosaoneka bwino pa zovala za Germany za kumapeto kwa nkhondo yachiwiri. Ubweya unkasowa, ankausakaniza ndi rayon wambiri komanso ubweya wa nsanza zakale, moti jekete la 1944 limakhala lokhakhala ndi lotuwa poyerekeza ndi la 1939. Jekete lonenedwa kuti ndi la 1944 koma la nsalu yosalala, yonenepa, yokongola, ndilo lofunika kulikayikira.

Nunkhizaninso. Ubweya wakale uli ndi fungo lakelake la m'bokosi. Fungo la khofi, tiyi, utsi watsopano kapena mankhwala limasonyeza kuti wina amayesa kuchikalambitsa.

4. Werengani lebulo ndi zidindo

Boma likagula zovala limafuna kudziwa anasoka ndani, liti, saizi yanji. Pa Battledress, lebulo yansalu ya m'kati imatchula mtundu wa chovalacho, saizi, dzina la kampani yosoka ndi chaka. Pamakhalanso chidindo cha inki cha zilembo W ndi D, pakati pake pali kachizindikiro konga mutu wa muvi, kosonyeza kuti ndi katundu wa boma. Zovala za America zili ndi nambala ya kontrakiti, ndipo nambalayi imathandiza kwambiri. Mukaona zilembo DSA, dziwani kuti zikuimira bungwe logula katundu wa asilikali a America limene linakhazikitsidwa mu 1961, kotero chovalacho sichingakhale cha nkhondo yachiwiri ngakhale ya ku Korea. Mu 1977 bungwelo linasintha dzina, zilembo zinakhala DLA. Nambala ya katundu ya manambala 13 inayamba mu 1974, ya m'mbuyomo inali ndi 11. Ku Germany, chapakati pa nkhondo yachiwiri anasiya kudinda mayina a mafakitale n'kuyamba kugwiritsa ntchito nambala yoyamba ndi zilembo RBNr, motero nambala yotere pa chovala chonenedwa kuti ndi cha 1939 ikutsutsana ndi nkhaniyo.

Chidindo n'chosavuta kupanga, ndiye chiyang'aneni ndi galasi. Inki yakale inalowa mu ulusi ndipo inazimiririka pamodzi ndi nsalu. Pamene nsalu yaperepeseka, inkinso iyenera kuperepeseka. Inki yakuda bii yokhala pamwamba pa nsalu yothaitha, kapena yodutsa pamwamba pa dothi, inabwera mochedwa. Lebulo yodulidwa pamalo pamene pankayenera kukhala chaka ikufunseni mafunso: nthawi zambiri amadula dala kuti chovala cha pambuyo pa nkhondo chidutse ngati cha pa nkhondo. Onaninso ngati lebulo inasokedwa ndi ulusi wofanana ndi wa chovala chonse, pakuti ena amachotsa lebulo pa chovala chong'ambika n'kuisamutsira pa china.

Zovala za akuluakulu a asilikali ndi nkhani ina. Ambiri ankasoketsa okha kwa telala, choncho mulibe chidindo cha boma. M'malo mwake funani lebulo ya telala, kawirikawiri m'thumba la m'kati, imene nthawi zina imakhala ndi dzina la mwini wake ndi tsiku lolembedwa pamanja.

5. Mabatani, zipi ndi zomangira

Apa pitani mwachangu koma musadumphe. Tembenuzani batani muone dzina la wopanga kumbuyo, monga Firmin kapena Gaunt pa a ku Britain. Onani ngati onse asokedwa ndi ulusi umodzi. Batani limodzi losiyana si vuto, msilikali ankataya mabatani n'kusokerera ena. Zipi za pa zovala za America za nkhondo yachiwiri zimakhala ndi mayina ngati Talon, Crown kapena Conmar. Zipi ya YKK kapena ya mano apulasitiki pa chovala chotero ndiye kuti inalowetsedwa pambuyo, kapena chovala chonsecho n'chatsopano. Velcro, zomangira zongomata popanda batani kapena zipi, anabwera m'ma 1950, sangapezeke pa chovala cha 1944.

6. Mabaji ansalu: funsani mafunso awiri

Funso loyamba, kodi bajiyo payokha ndi yoona? Lachiwiri, kodi yakhala pa chovalachi kuyambira kale? Anthu ambiri amayankha loyamba n'kuiwala lachiwiri, pomwe ndalama zimathera pa lachiwirilo.

Pa funso loyamba, onani m'mphepete ndi kumbuyo. Mabaji a paphewa a asilikali a America a nkhondo yachiwiri ali ndi m'mphepete mofulatika, mongodulidwa, ndipo nthawi zambiri mumaona kansalu ka khaki kakusuzumira m'mbali. Mphepete yonenepa yokulungidwa ndi makina, yosiya kamchira ka ulusi kumbuyo, inafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumbuyo kwa baji yakale kumakhala ulusi wofewa, osati pulasitiki yonyezimira kapena guluu womatira ndi simbi. Ipindeni pang'ono m'manja: yakale imagonja, yatsopano imalimba ngati katoni.

Pa funso lachiwiri, khalani pansi, musathamange. Baji imene yakhala pa nsalu yaubweya zaka zambiri imamira pang'ono m'nsalumo, m'mphepete mwake mumagona. Yosokedwa chaka chatha imaoneka ngati yangoikidwa pamwamba. Tukulani m'mphepete mwa baji pang'onopang'ono ndi chala, musuzumire pansi pake. Dzuwa ndi fumbi zimasintha mtundu wa nsalu, choncho pansi pa baji yoona nsalu imakhala yakuda kapena yowala kuposa yozungulira, ndipo malire a mtunduwo amatsata ndendende maonekedwe a bajiyo. Ngati pansi ndi pambali n'chimodzimodzi pa jekete lozimiririka, bajiyo ndi mlendo. Ngati mthunzi wa pansaluyo ndi wozungulira koma baji yomwe ilipo ndi ya makona atatu, panali ina imene inachotsedwa.

Tsopano unikani chammbali ndi tochi wamba. Mizere ya timabowo ta singano popanda ulusi ikusonyeza pamene panali baji kapena mizere ya udindo. Izi pazokha si chinyengo: msilikali ankakwezedwa udindo, ankasamutsidwira ku gulu lina, ndipo ankasintha mabaji. Koma kusinthako kuyenera kukhala ndi tanthauzo limene mbiri ya gululo ikuvomereza.

Njenjete nazo zimachitira umboni. Ngati njenjete zinadya nsalu ndipo bowo likupitirira kulowa pansi pa baji, koma bajiyo, yomwenso ndi yaubweya, ilibe ngakhale pamodzi podyedwa, ndiye kuti baji inafika njenjete zitapita kale. Lowetsani dzanja m'kati mwa mkono wa jekete muone ulusi kumbuyo. Ulusi wakale umakhala wogona, wodetsedwa mofanana ndi nsalu yoyandikana nawo. Woyera, wotukuka, wa mfundo zatsopano ukuulula zonse.

Pomaliza yerekezani mabajiwo ndi mbiri. Kodi gulu limeneli linali ndi ufulu wovala chizindikiro ichi m'chaka chimenecho? Kodi tinsalu ta mamendulo ta pachifuwa tili m'ndondomeko yoyenera, ndipo tikugwirizana ndi kumene gululo linamenya nkhondo? Wosokerera mabaji nthawi zambiri amachita dyera, amaika zambiri kuti chovala chikongole, ndipo dyeralo ndi limene limamugwiritsa.

7. Mabaji achitsulo

Mabaji a pa zipewa za asilikali a Britain akopedwa kwambiri, ndipo ena anapangidwanso pambuyo pa nkhondo, nthawi zina ndi zida zakale zomwezo, kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa. Choncho pano pamafunika kudekha.

Yambani ndi chisoti chachifumu chimene chili pamwamba pa baji, chifukwa chimakuuzani nyengo. Kuyambira 1902 mpaka kuchiyambi kwa ulamuliro wa Elizabeth II ankagwiritsa ntchito chisoti chozungulira pamwamba, chimene osonkhanitsa amachitcha cha mfumu. Kuyambira 1953 chinabwera chisoti cholowa pakati, chimene amachitcha cha mfumukazi. Baji ya chisoti cha mfumukazi Elizabeth singakhale ya nkhondo yoyamba kapena yachiwiri. Kumbukiraninso kuti Charles III anasankha chisoti chozungulira chija mu 2022, motero chisoti cha mfumu pachokha sichikutanthauzanso kuti baji ndi yakale.

Kenako tembenuzani. Mabaji ambiri a asilikali wamba ankadindidwa: kachitsulo kopyapyala kankapanikizidwa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo ndi mphamvu yaikulu, moti kumbuyo kumaoneka chithunzi chomwecho cholowa m'kati, chomveka bwino. Wopanga zabodza nthawi zambiri amatenga baji yoona, n'kuumba chikombole, n'kuthiramo chitsulo chosungunula. Chotuluka m'chikombole chimadziwika ndi zinthu zingapo mukachiona pa galasi: timabowo ting'onoting'ono ngati ta thovu, zilembo zofewa zosathwa m'mphepete, kamzere kozungulira m'mbali pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena zipsera za tupa pamene anafuna kufufuta kamzereko. Chitsulo chimafota chikamazizira, choncho chokopedwa chimachepa pang'ono poyerekeza ndi chenicheni. Apa ndi pamene sikelo ndi choyezera chija zimagwira ntchito, ngati muli ndi miyeso ya baji yodziwika kuti ndi yoona.

Koma si chilichonse chothiridwa m'chikombole chimene chili chabodza. Asilikali amene anali kutali, monga ku India ndi ku Middle East, ankapangitsa mabaji kwa amisiri akomweko, ndipo ambiri anali othira mu mchenga, okhakhala kumbuyo. Mabaji apulasitiki nawonso alipo enieni: Britain inawapanga pa nkhondo yachiwiri pofuna kusunga chitsulo. Pomwe mabaji opepuka, onyezimira, a aluminiyamu, otchedwa Staybrite, ndi a kuyambira m'ma 1950.

Onaninso zomangira za kumbuyo, kaya ndi timphete tiwiri kapena kachitsulo kotsetsereka kolowetsa m'chipewa. Pa baji yoona zinawotchereredwa mwaukhondo ndipo n'zolimba. Kachitsulo kopindika mosavuta ndi chala, kapena mtovu wotuwa wopakidwa mosasamala, n'zokayikitsa. Pa mabaji a zitsulo ziwiri zophatikiza, akale ambiri ali ndi timabowo kumbuyo totulutsira mpweya powotcherera. Kupezeka kwake n'chizindikiro chabwino, ngakhale akathyali anaphunzira kutiboola.

Kutha kwa baji kukhale pamalo oyenera. Msilikali ankapukuta baji yake tsiku ndi tsiku, choncho malo otukuka amasalala, m'makona mumatsala zotsalira za polishi wouma. Baji yothimbirira mofanana paliponse, ngakhale m'malo amene chala chinkayenera kupukuta, inamizidwa m'mankhwala.

8. Mamendulo

Mamendulo a Britain a Nkhondo Yoyamba ali ndi mwayi waukulu: anadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. Pa British War Medal ndi Victory Medal zili m'mphepete, pa nyenyezi ya 1914-15 zili kumbuyo. Chinyengo chofala ndi kufufuta dzina la msilikali wamba n'kulembapo la wina amene anafera pa nkhondo yotchuka. Yezani mendulo m'malo angapo. British War Medal ndi yasiliva, mamilimita 36 m'mimba mwake. Ngati yachepa mbali imodzi yokha, kapena mphepete yapyapyala pamene pali dzina, inapalidwa. Onani zilembo ndi galasi: zodinda zimakankhira chitsulo pansi ndi m'mbali, zozokota zimachotsa chitsulo n'kusiya ngalande yosongoka pansi. Yerekezani kalembedwe ndi mendulo ina yodziwika ya mtundu womwewo.

Nyenyezi za nkhondo yachiwiri zinaperekedwa kwa asilikali a Britain popanda mayina, ngakhale Australia ndi South Africa ankalemba mayina pa za asilikali awo. Choncho mulu wa nyenyezi zopanda dzina sungamangirizidwe kwa munthu wina aliyense popanda mapepala.

Iron Cross, mendulo ya ku Germany yooneka ngati mtanda, inkapangidwa ndi zidutswa zitatu: chitsulo chakuda pakati, ndi mafelemu awiri owotchereredwa pamodzi mochizungulira. Maginito amakakamira pakati pa zambiri zoona, ndipo m'mbali mumaoneka kamzere kopyapyala kolumikizira. Yothiridwa ngati chidutswa chimodzi ikayikireni. Dziwaninso kuti mu 1957 West Germany inalola asilikali akale kuvala mtundu watsopano wa mtanda wa 1939, wa masamba a mtengo wa oak pakati m'malo mwa swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi. Umenewo si wabodza, koma si wa pa nkhondo.

9. Zipewa zachitsulo

Chipewa cha M1 cha America chinayamba mu 1941. Zoyambirira zili ndi timphete ta lamba wa pachibwano towotchereredwa osagwedezeka, ndipo totembenuka tinabwera mu 1943. Mkombero wa m'mphepete umalumikizana kutsogolo pa zoyambirira, ndipo chakumapeto kwa 1944 polumikizirapo panapita kumbuyo. Penti ya nthawi ya nkhondo inkasakanizidwa ndi tizidutswa ta khungwa la mtengo lotchedwa cork, ya pambuyo pake ndi mchenga. Mayiko angapo a ku Ulaya anapanga zipewa zofanana ndi M1 nkhondo itatha, ndipo zimenezi zimagulitsidwa kawirikawiri ngati za America.

Za Germany zili m'mitundu itatu yodziwika: M35 ya mphepete yopindira m'kati ndi timabowo ta mpweya tokhala ndi kamphete koikidwa padera, M40 imene timabowoto tinangodindidwa m'chitsulo momwemo, ndi M42 ya mphepete yosapinda. M'kati mumadindidwa zilembo za fakitale ndi saizi, monga ET64. Chitsulocho nthawi zambiri chimakhala choona. Bodza limakhala pa zizindikiro zomata za m'mbali ndi penti ya kamafuleji, chifukwa ndi zimene zimakweza mtengo. Chizindikiro cha mitundu itatu ya dziko chinaletsedwa mu 1940, choncho sichiyenera kupezeka pa M42. Ndi galasi, onani ngati mikwingwirima ya pa penti ikudutsanso pa chizindikirocho. Ngati mkwingwirima ukulowa pansi pa chizindikiro n'kutulukira mbali ina osachikhudza, chinamatidwa pambuyo. Onaninso misomali yogwira chikopa cha m'kati: yopindidwapindidwa kangapo ikusonyeza kuti za m'katizo zinasinthidwa.

10. Kodi chinatha ngati chovala cha munthu?

Thupi limathetsa chovala m'malo odziwika: m'kati mwa kolala mumada ndi thukuta ndi mafuta a m'tsitsi, kumapeto kwa manja kumaperepeseka, m'zigongono mumasalala, mabowo a mabatani amakula, pakamwa pa matumba pamada. Chovala chong'ambika pamsana koma kolala ili mbee sichinavalidwe, chinakhulidwa ndi sandipepa. Dzimbiri la huku kapena batani lachitsulo liyenera kusiya banga pa nsalu yoyandikana nalo. Komanso musakane chinthu chifukwa chongooneka chatsopano. Katundu wambiri sanaperekedwe kwa asilikali, anakhala m'nkhokwe mpaka nkhondo kutha. Chofunika n'chakuti chikhale chatsopano paliponse kapena chakutha paliponse.

11. Yesani nkhani ya wogulitsa ndi zikalata

Mawu akuti “agogo anabwera nacho kuchokera ku nkhondo” salipiridwa. Lipirani chinthucho monga mmene chikuonekera, ndipo muwonjezere ndalama pokhapokha nkhaniyo ili ndi umboni womangirira chinthu ichi kwa munthu uyu: dzina kapena nambala yolembedwa m'chovalamo, chithunzi chimene akuoneka atavala mabaji omwewo, buku lake la usilikali.

Dzina likapezeka, lifufuzeni. Makope a makadi a mamendulo a asilikali a Britain a Nkhondo Yoyamba ali ku The National Archives, kosungira zikalata za boma la Britain, ku Kew. London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain, inkasindikiza kukwezedwa kwa maofesala ndi mphotho za kulimba mtima. Bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lili ndi mayina a asilikali a Britain ndi a mayiko a Commonwealth amene anafa pa nkhondo ziwirizi, ndipo mutha kufufuza pa intaneti. Asilikali a America ankalemba m'zovala chilembo choyamba cha dzina la bambo ndi manambala anayi omaliza a nambala yawo ya usilikali, pofuna kuti zovala zisasokonekere kochapa. Chizindikiro chotere chimathandiza, koma anthu angapo akhoza kukhala nacho chofanana, ndiye chisakhale umboni wokhawo. Dziwaninso kuti moto umene unabuka mu 1973 kosungira mafayilo ku St. Louis, ku America, unawononga mafayilo a asilikali a America pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Kusowa kwa fayilo sikutsutsa nkhani ya wogulitsa, koma sikuitsimikiziranso, ndipo ena amabisala kumbuyo kwa moto umenewu.

Mapepala nawonso amapangidwa. Aunikeni ndi UV monga munachitira ndi nsalu. Inki ya bolopeni pa chikalata cha 1916 ndi yosatheka. Satifiketi yonena kuti katundu ndi weniweni, yolembedwa ndi wogulitsa yemweyo, ili ndi mphamvu yofanana ndi mawu ake apakamwa basi.

12. Pogula

Ngati mukugula patali, pemphani zithunzi zowala za kumbuyo kwa baji, m'kati mwa manja, lebulo ndi m'mphepete mwa mendulo. Wokana kujambula kumbuyo musiyeni. Onetsani zithunzizo kwa anthu amene akhala zaka zambiri pa gawo limenelo musanalipire, osati mutalipira. Gwirizanani polemba kuti mudzabweza katundu ndi kulandira ndalama zanu ngati atapezeka wabodza, ndipo lisiti lifotokoze chinthucho momveka: dziko, chaka, ndi kuti mabaji ndi a pomwepo kuyambira kale. Mawu ngati “cha mtundu wa nkhondo yachiwiri” amasiyira wogulitsa pothawira. Chinthu chosowa kwambiri chikamagulitsidwa motchipa, kapena wogulitsa mmodzi akakhala nazo zisanu zofanana, bwezani chikwama m'thumba.

Fufuzani malamulo a dziko limene mukugula ndi limene mukutumizako. Ku America kugulitsa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali akumeneko, n'koletsedwa. Ku Germany lamulo limaletsa kuonetsa poyera ndi kufalitsa zizindikiro za chipani cha Nazi, kupatula pa zifukwa monga maphunziro ndi kafukufuku.

Ndipo samalani thanzi lanu. Musavale chophimba kumaso choteteza ku mpweya wa poizoni cha nthawi ya nkhondo, chifukwa zosefera zambiri za nthawi imeneyo zili ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo. Makampasi ndi mawotchi ambiri akale a asilikali anapakidwa penti ya radium, imene ikadali yoopsa ngakhale inasiya kuwala, choncho musawatsegule kapena kupala pentiyo.

Chinthu chikafika kunyumba, musachichape, musapukute baji ndi polishi, musasokerere chilichonse chimene mukuganiza kuti chikusowa. Chijambuleni mbali zonse, lembani kumene munachigula, tsiku, miyeso yake ndi zonse zimene mwapeza pochiyesa, kuphatikizapo zimene zikukukayikitsani, ndipo pepalalo lisungidwe pamodzi ndi chinthucho pamalo ouma, opanda dzuwa.